Anthu a Kumtunda Akapita Kunyanja: Kupalasa Kayaki M'mbali mwa Miyala

Kabukuka n'ka ndani

Kabuku aka talembera mabanja, makalabu a alimi, makwaya, amayi a mvano, magulu a banki m'khonde ndi aphunzitsi a m'boma la Kasungu amene amakonza ulendo wa Loweruka ndi Lamlungu wopita kunyanja. Fodya akayamba kuyenda bwino ku msika wa Chinkhoma, maminibasi amatsika ndi msewu wa M18 kulowera ku Nkhotakota, ena amadzera ku Lilongwe n'kugwira M14 mpaka ku Senga Bay ku Salima, ndipo amene thumba lawalola amakafika ku Cape Maclear ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay. Kumeneko amapeza timabwato topepuka tapulasitiki totchedwa kayaki, tokwera munthu mmodzi kapena awiri, tobwereketsa pa ola kapena pa tsiku.

Kayaki ndi chinthu chokoma. Imakufikitsani pamalo pamene boti la injini silingafike: m'mipata ya matanthwe, pamene mbuna zamitundumitundu zimaoneka bwinobwino pansi pa madzi, ndiponso m'munsi mwa mitengo imene nkhwazi zimatera. Sitikukuletsani. Tikufuna mupite, mukaone, ndipo onse amene anakwera minibasi popita akwerenso pobwera.

Vuto ndi lakuti ambiri a ife a ku Santhe, Chamama, Mtunthama, Chulu kapena Nkhamenya sitinakulire pamadzi akuya. Timadziwa dambo, chitsime ndi mtsinje wodzaza mu Febuluwale. Mwana wa m'mudzi wa Chembe amagwira nkhafi akadali wamng'ono, ndipo tikamuona akuyendetsa bwato mosavuta timaganiza kuti nyanja ndi yofatsa. Iye amadziwa mphepo, amadziwa mwala wobisika, amadziwa nthawi yosalowa m'madzi. Zimenezo ndi zimene mlendo ayenera kuzifunsa adakali pamtunda.

Ndalama za fodya zimafika pamodzi ndi mwera

Mfundo iyi ndiyo yaikulu m'kabuku konseka. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo n'kumapitirira mpaka miyezi yozizira. Miyezi yomweyo, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndi imene mwera umawomba panyanja ya Malawi. Choncho nthawi imene mlimi ali ndi ndalama ya ulendo ndi nthawinso imene nyanja imakhala yaukali kwambiri.

Mwera umachokera kummwera chakummawa n'kuyenda motsata utali wa nyanja, umene ndi woposa makilomita 550. Mphepo ikayenda mtunda wotere pamadzi popanda chotchinga, imautsa mafunde aakulu, ndipo imatha kuwomba masiku angapo osaleka. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanjayi mphepo itakula, ndipo anthu 145 anafa. Imeneyo inali sitima yachitsulo yokhala ndi injini. Kayaki imene munthu mmodzi amatha kuikoka pamchenga singalimbane ndi mphepo yotero.

Dziwaninso kuti mwera suoneka mofanana pa gombe lililonse.

- Ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota gombe linayang'ana kummawa. Mwera ukamawomba, mafunde amabwera kudzasweka pamaso panu. Ngoziyo mumaiona nokha, ndipo ambiri amachita mantha n'kukhala pamtunda.
- Ku Cape Maclear gombe la Chembe linayang'ana kumpoto chakumadzulo, ndipo kumbuyo kwake kuli mapiri. Mwera umadutsa pamwamba pa mapiriwo, madzi a m'mphepete n'kumaoneka odekha. Koma mphepoyo ikukankhirani kutali ndi mtunda. Popita mumayenda mofulumira osatopa, mukumasangalala. Potembenuka m'pamene mumazindikira kuti nkhafi ikulemera ndipo gombe silikuyandikira. Mphepo yochokera kumtunda ndiyo yonyenga kuposa zonse.

Nyengo yamvula ili ndi zake. Mphepo ya mpoto imabwera mwadzidzidzi pamodzi ndi mitambo yakuda ndi ziphaliwali, ndipo gombe ngati la Chembe imaliwomba mwachindunji.

Miyezi yabwino kwa ophunzira ndi imene ili pakati pa nyengo ziwirizi: kumapeto a Seputembala, Okutobala ndi kumayambiriro a Novembala, kapenanso mu Epulo mvula ikamatha. Tikudziwa kuti mu Okutobala nazale za fodya zimafuna kuthirira m'mawa ndi madzulo. Ndi bwino kupangana ndi mnansi kuti akuthirireni masiku awiri kusiyana n'kutengera ana panyanja mu Julayi. Ngati gulu lasankha kupita pa Tsiku la Anakubala, 15 Okutobala, likumbukire kuti tsikuli kunyanja kumadzaza anthu, majekete amatha msanga, ndipo eni maboti amafuna kunyamula anthu ambiri nthawi imodzi.

Zokonza musananyamuke ku Kasungu

1. Sankhani mtsogoleri wa ulendo. Akhale munthu amene gulu limamumvera, wosamwa mowa pa ulendowo, wokhoza kunena kuti lero sitilowa ngakhale anthu atanyinyirika.
2. Lembani mayina a onse opita, zaka za ana, ndi nambala ya foni ya wachibale wotsala. Pepala limodzi likhale ndi mtsogoleri, lina litsale kumudzi.
3. Funsani aliyense payekha ngati amatha kusambira. Osafunsira pagulu, chifukwa anyamata ndi abambo amachita manyazi kuvomera pamaso pa anzawo. Kusambira kumene tikunena n'kutha kuyandama ndi kuyenda m'madzi oti phazi silikugunda pansi. Kuwoloka mtsinje wolekeza m'chiuno si kusambira.
4. Dziwani amene ali ndi matenda a khunyu, mphumu, mtima kapena shuga, ndi amayi oyembekezera. Wakhunyu asapalase yekha, ndipo mnzake wa m'kayaki adziwe za matendawo. Mankhwala a tsiku ndi tsiku anyamulidwe.
5. Imbirani malo amene mukukabwereka makayaki. Funsani kuti ali nawo angati, majekete oyandamitsa alipo angati, a ana alipo, ndipo kodi munthu wodziwa malowo adzatsagana nanu. Akayankha mozemba pa nkhani ya majekete, funani malo ena.
6. Posonkha ndalama, ikani padera ya wotsogolera pamadzi ndi ya majekete musanawerengere ya nsomba ndi zakumwa. Ku Cape Maclear muwerengerenso ndalama yolowera m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park.
7. Mverani wailesi masiku atatu ulendo usanachitike. Nthambi yoona za nyengo imalengeza mwera ukamayembekezeka panyanja. Chenjezo likaperekedwa, sinthani tsiku, kapena pitani mukasewere pamchenga basi.

Zonyamula za munthu aliyense: chipewa chokhala ndi chingwe, malaya opepuka a manja aatali, kabudula kapena thalauza yopepuka, nsapato zomanga zosaterera, botolo la madzi akumwa la malita awiri, ndi juzi youma yosiya pamtunda. Za gulu lonse: wenzulo pa kayaki iliyonse, chingwe cholimba cha mamita 10, chigubu chopanda kanthu chotsekeka bwino, kalilole wamng'ono wowalitsira anthu akutali, tochi, foni yodzaza moto yomangidwa m'mapepala apulasitiki awiri, bandeji ndi mankhwala a zilonda. Musaiwale masikito, pakuti kunyanja udzudzu ndi wochuluka kuposa kwathu.

Zovala zolemera zimapha. Jinzi, jombo, chikhotho ndi chitenje chokulunga miyendo zikanyowa zimakoka munthu pansi. Amayi, valani kabudula wamtali kapena thalauza popalasa. Chitenje muchipeza pamtunda.

Mukafika: tsiku loyamba si lopita kutali

Pitani kaye pa dooko mukalonjere asodzi ndi a komiti ya pagombe. Safunsa anadya phula. Afunseni mafunso anayi awa, ndipo yankho lawo likhale lamulo: Kodi lero kuwomba mphepo yanji, ndipo imakula nthawi yanji kuno? Ng'ona ndi mvuu zimaoneka kuti? Ndi pati pali miyala yobisika? Mphepo ikatipeza, tikakocheze pati? Mukaona kuti mabwato onse a asodzi akokeredwa pamtunda pa nthawi imene amayenera kukhala pamadzi, musafunsenso zambiri. Tsiku limenelo si lolowa.

Kenaka yang'anani zipangizo ndi maso anu.

- Kayaki: itembenuzeni muone ngati ili ndi mng'alu. Pali kabowo kotulutsira madzi kumbuyo. Onetsetsani kuti n'kotseka. Inyamuleni mbali imodzi, mukamva madzi akuyenda mkati mwake, ikhuthulidwe kaye. Ophunzira asankhe kayaki yokhala pamwamba, yopanda dzenje lolowetsamo miyendo, chifukwa ikagubuduzika munthu amangogwera m'madzi osakodwa.
- Nkhafi: isakhale yosweka kapena yogwedera pakati.
- Jekete: malamba onse akhale athunthu. Valani, mangani, ndipo mnzanu aikoke m'mapewa. Ikakwera mpaka m'makutu, ndi yaikulu kapena simunamange. Mwana sangavale jekete ya wamkulu. Akagwera m'madzi amapulumukamo n'kuisiya ikuyandama yokha.

Jekete imavalidwa ndi aliyense, nthawi yonse, ngakhale katswiri wosambira. Yoikidwa kumbuyo kwa mpando kapena yokhalira siithandiza, chifukwa munthu amene wagunda mutu pamwala alibe mpata woti avale.

Musanapite kulikonse, chitani izi pamchenga, pamadzi olekeza m'chifuwa, aliyense payekha:

1. Gonani chagada m'madzi muli ndi jekete, manja otambasula, mpaka mtima ukhale pansi. Munthu amene wamva yekha kuti jekete ikumunyamula sachita phuma pa ngozi.
2. Kwerani kayaki: ikani matako pampando kaye, miyendo ibwere pambuyo. Musaimirire m'kayaki.
3. Gwirani nkhafi ndi manja onse, motalikirana pang'ono kuposa mapewa. Lowetsani nsonga yake pafupi ndi chala chaphazi, kokani mpaka m'chiuno, tulutsani, kenaka mbali inayo. Mphamvu ichokere m'thupi lonse potembenuza chiuno. Mukadalira mikono yokha mutopa ola lisanathe.
4. Phunzirani kuima ndi kubwerera m'mbuyo. Pamiyala zimenezi n'zofunika kuposa liwiro.
5. Gubuduzani kayaki dala. Itembenuzeni, gwirani mbali yakutali, menyani miyendo mpaka mimba igone pampando, kenaka tembenukani mukhale. Bwerezani mpaka muzolowere. Amene walephera kukwera pamadzi osaya sangathe pakati pa mafunde, ndipo ameneyo akwere kayaki ya anthu awiri pamodzi ndi wodziwa.

M'kayaki ya awiri, wolemera kapena wodziwa amakhala kumbuyo ndipo ndiye amawongolera. Wakutsogolo amapalasa mwa mayendedwe ake, wakumbuyo n'kumamutsatira, ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Mwana wamng'ono akhale kutsogolo kwa kholo lake, pamene diso likumuona.

Kuyenda pagulu

Gulu limanyamuka limodzi n'kubwera limodzi. Wodziwa malo amakhala patsogolo ndipo palibe womupitirira. Wina wamphamvu, wokhala ndi chingwe, amakhala kumapeto ndipo palibe wotsala kumbuyo kwake. Liwiro la gulu ndi la munthu wofooka kwambiri. Musatalikirane kuposa pamene mawu angamveke.

Panganani zizindikiro mudakali pamtunda. Wenzulo kamodzi: imani, yang'anani kuno. Wenzulo katatu: ngozi. Nkhafi yokwezedwa mopingasa pamwamba pa mutu: onse imani. Nkhafi yoimika chilili: bwerani kwa ine.

Siyani munthu mmodzi wamkulu pamtunda. Adziwe kumene mwalowera, makayaki angati, anthu angati, ndi ola lobwerera. Akhale ndi nambala ya mwini malo ndi ya mwini boti la injini. Ola likadutsa ndi mphindi 30, ayambe kufuna thandizo osadikira kuti kude.

Yambani ulendo molimbana ndi mphepo, kuti pobwera, mutatopa, izikukankhani. Ophunzira amayenda makilomita atatu kapena anayi pa ola madzi ali bata. Choncho ulendo wa maola awiri, kupita ndi kubwera, ndi wokwanira pa tsiku loyamba. Ku Cape Maclear, kutsata gombe mpaka ku Otter Point n'kokwanira. Chilumba cha Thumbi chimaoneka pafupi, koma kuti mukafikeko muyenera kudutsa pamtetete, ndipo ulendowo ndi wa tsiku labata muli ndi wotsogolera. Chilumba cha Mumbo chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku Chembe; kumeneko kumapita anthu ozolowera, mothandizidwa ndi boti. Chimodzimodzi ku Senga Bay: chilumba cha Namalenje chimakopa maso, koma pakati pake ndi gombe palibe pothawira.

Werengani anthu ponyamuka, popuma paliponse, ndi pofika.

Pamiyala

Apa m'pamene pali zokongola zambiri ndiponso ngozi zambiri, choncho werengani mofatsa.

Pagombe lamchenga funde limasweka n'kutha. Pathanthwe funde limagunda n'kubwerera, ndipo likakumana ndi lina lobwera, madzi amadumphadumpha mopanda dongosolo. Kayaki imagwedezeka mbali zonse. Mukalowa m'madzi otere musasiye kupalasa, chifukwa nkhafi ili m'madzi ndiyo imakuchirikizani. Masulani chiuno, yang'anani kutsogolo, tulukani pang'onopang'ono kulowera kumene kuli kutali ndi thanthwe.

Pa nsonga pamene mtunda walowa m'nyanja, mphepo imakula. Mbali ino kungakhale bata, mukangokhota n'kupeza mafunde a thovu. Wotsogolera asuzumire yekha kaye ena akudikira. Akaona mafunde oyera nsonga, gulu libwerere pomwepo.

Malangizo ena a pamiyala:

- Madzi akakhala ndi mafunde, siyani mpata wa makayaki osachepera asanu pakati pa inu ndi miyala. Yandikirani pokhapokha pali bata lenileni.
- Penyani pamene madzi akutuwa kapena kuchita thovu pamalo amodzi. Pamenepo pali mwala pansi.
- Funde likamabwera, lozetsani mphuno ya kayaki kwa ilo, mopendeketsa pang'ono. Likakupezani cham'mbali likugubuduzani.
- Musakhale pakati pa kayaki ndi mwala. Funde laling'ono lingakankhe kayaki n'kukuthyolani mwendo kapena nthiti.
- Mumpata wopapatiza lowani mmodzimmodzi, wina akatuluka.
- Kochezani pamchenga, ngakhale patakhala patali. Mukakakamizika kutsikira pamiyala, sankhani mbali yobisika ku mphepo, tsikani mmodzimmodzi, ndipo yendani chokwawa. Ndere za pamwala wonyowa zimaterera kwambiri.
- Kokerani kayaki pamtunda ndithu ndipo muimange. Kayaki yopanda munthu imauluzika ndi kamphepo kochepa, inu n'kutsala pachilumba.
- Musadumphire m'madzi kuchokera pathanthwe. Madzi oyera amanamiza maso: mwala wooneka wakuya umakhala pafupi, ndipo pamalo ena phazi limodzi kuchoka pamwala ndi phompho. Nyanjayi pena imazama mamita pafupifupi 700.

Ku Cape Maclear muli m'malo otetezedwa. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha mbuna, nsomba za m'miyala za mitundu mazanamazana zimene zambiri mwa izo sizipezeka kwina kulikonse. Madzi a mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa malowa ndi otetezedwanso. Musaphe nsomba mmenemo, musatole miyala, musadule mitengo pazilumba, ndipo mabotolo ndi mapepala anu mubwerere nawo.

Nthawi yotuluka m'madzi msanga

Tulukani pa mchenga woyandikira, osati pamene munanyamukira, mukaona chimodzi mwa izi: mzere wakuda pamadzi ukubwera chakutali, mafunde ayamba kuyera nsonga, mitambo yakuda yaunjikana kapena mwamva bingu, mukupalasa koma mtengo umene mukuuyang'ana pamtunda sukusuntha, wina m'gulu wayamba kunjenjemera, kusanza kapena kungokhala chete. Ndi bwino kuyenda pansi makilomita awiri mutasiya kayaki m'manja mwa anthu a pamudzi kusiyana n'kukakamira pamadzi. Dzuwa lisanapendeke kwambiri onse akhale atatuluka. Usiku nyali zimene mumaziona panyanja ndi za asodzi a usipa, ndipo boti la injini silingaone kayaki mumdima.

Kayaki ikagubuduzika

1. Gwirani kayaki. Musaisiye kuti musambire kupita kumtunda, ngakhale ukuoneka pafupi. Kayaki imayandama ndipo imaoneka patali. Mutu wa munthu suoneka pakati pa mafunde.
2. Gwiraninso nkhafi ngati ili pafupi. Ikapita patali isiyeni, anzanu akatola.
3. Imbani wenzulo katatu.
4. Mukakhala pafupi ndi miyala, khalani mbali ya kunyanja, kayaki ikhale pakati pa inu ndi miyalayo, ndipo mnzanu akukokereni kutali ndi chingwe musanayese kukwera.
5. Mnzanu mmodzi aimike kayaki yake mogundana ndi yanu, aigwire ndi manja onse mpaka mutakwera. Ena onse asonkhane pamodzi chapatali pang'ono, mphuno zitaloza ku mafunde. Onse akathamangira pamalo amodzi, ogubuduzika amachuluka.

Kupulumutsa munthu amene akumira

Munthu womira nthawi zambiri safuula. Amaima chilili m'madzi, mutu utagwera kumbuyo, pakamwa pakulowa ndi kutuluka m'madzi. Mwana amamira mwakachetechete anthu akucheza pafupi. N'chifukwa chake pamchenga payenera kukhala wamkulu amene ntchito yake ndi kuyang'ana ana basi, wopanda foni m'manja, ndipo azisinthana ndi mnzake.

Musalumphiremo. Womira amagwira chilichonse ndi mphamvu zoopsa, ndipo nthawi zambiri maliro amakhala awiri. Mupatseni nkhafi, nsungwi kapena chitenje inu mutagona pansi kapena mutagwira pena. Akakhala patali, mponyereni chigubu chotseka chomangidwa chingwe, kapena jekete. Mukapita ndi kayaki, mpatseni mphuno kapena kumbuyo kwake, osati m'mbali.

Mukamutulutsa:

1. Mugoneke chagada pamalo olimba. Muitaneni, mugwedezeni m'mapewa. Wina athamangire galimoto nthawi yomweyo.
2. Kwezani chibwano, mutu upendekere kumbuyo. Yang'anani chifuwa ndi kumvetsera mpweya kwa masekondi 10.
3. Ngati akupuma, mugoneke cham'mbali, muvuleni zonyowa, mufunditseni.
4. Ngati sakupuma, tsinani mphuno yake, muuzireni mpweya m'kamwa kasanu, mukuona chifuwa chikukwera.
5. Ikani manja pakati pa chifuwa, dinikizani mwamphamvu ka 30, mofulumira pafupifupi kawiri pa sekondi, kenaka uzirani kawiri. Pitirizani 30 ndi 2 mosinthana ndi anzanu mpaka ayambe kupuma kapena afike m'manja mwa achipatala. Kwa mwana gwiritsani dzanja limodzi, kwa khanda zala ziwiri.

Musamuzondotse, musamupondeponde pamimba kuti madzi atuluke. Zimenezo zimangotaya nthawi ndi kubweza chakudya kukhosi. Chimene akusowa ndi mpweya. Ndipo aliyense amene anamira n'kutsitsimuka apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa mapapo angayambe kuvuta patapita maola angapo.

Ng'ona, mvuu ndi likodzo

Ng'ona ndi mvuu zimakonda pamathiriro a mitsinje, m'mabango ndi m'madzi odikha. Mitsinje yathu ya Bua ndi Dwangwa ikafika kunyanja ku Nkhotakota, pamathiriro pake si malo opalasa kayaki kapena kusamba. Pewani mabango, ndipo musalowe m'madzi mbandakucha, chisisira kapena usiku. Mukaona mvuu, musadutse pakati pa iyo ndi madzi akuya, bwererani mwakachetechete. Mu Meyi 2023 mvuu inagubuduza bwato lodzaza anthu pa mtsinje wa Shire ku Nsanje ndipo anthu ambiri anatayika.

Likodzo limachokera ku tizilombo totuluka mu nkhono za m'madzi, tolowa pakhungu munthu akamasamba kapena kuyenda m'madzimo. Limapezeka kwambiri m'madzi osaya pafupi ndi midzi, ndipo Cape Maclear ndi amodzi mwa malo odziwika nalo. Musakodzere kapena kuchita chimbudzi m'nyanja. Patatha miyezi iwiri mutabwerako, onse amene analowa m'madzi apite kuchipatala akanene kuti anali kunyanja. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo mlingo wake amaupereka molingana ndi thupi la munthu, choncho musagawane mapiritsi kunyumba. Mukaona magazi mumkodzo, kapena wina akatentha thupi, musadikire miyezi iwiriyo; akayezetsenso malungo.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa

- Mowa. Botolo limodzi lokha limachotsa mantha ndi kufooketsa miyendo. Amene walawa asakwere kayaki ndipo asasambire tsiku limenelo.
- Kuvula jekete pofuna kujambulitsa, kapena kuimirira kuti chithunzi cha pa WhatsApp chikongole.
- Kukwera atatu m'kayaki ya awiri kuti ndalama ichepe.
- Mpikisano wa anyamata wothamangira kuchilumba.
- Kulowa m'madzi chifukwa choti tinalipira kale ndipo mawa tikubwerera. Ndalama ya minibasi ndi yochepa poiyerekeza ndi moyo wa mwana.
- Kusamwa madzi. Kunyanja n'kotsika kuposa kwathu ndipo kumatentha kwambiri; dzuwa limawotcha kuchokera kumwamba ndi pamadzi pomwe. Mutu ukayamba kupweteka, pumani pamthunzi.
- Kutumiza ana a sukulu ambiri ndi mphunzitsi mmodzi. Pamadzi, wamkulu mmodzi asayang'anire ana opitirira anayi.

Madzi a kwathu konkuno

Zambiri mwa izi zimagwiranso ntchito ku Kasungu. Madamu a m'maesiteti ali ndi matope ogwira miyendo ndipo amazama mwadzidzidzi. Nkhuti zoumbira njerwa ndi zitsime za kudimba zimadzaza nthawi yamvula. Zikwirireni kapena zitchingeni ndi mpanda, pakuti mwana woyamba kuyenda amamira ngakhale m'ndowa. Damu la Lifupa mu Kasungu National Park lili ndi mvuu, si losambamo.

Mu Epulo 2023 bwato lonyamula anthu opita kumaliro linagubuduzika pa mtsinje wa Rusa ku Mchinji, mtsinje womwewu umene umathira mu Bua, ndipo anthu angapo anafa. Powoloka Rusa, Bua kapena Dwangwa pa bwato, yang'anani m'mbali mwake anthu atakwera: ngati mpata wa pakati pa madzi ndi mlomo wa bwato sukukwana chikhatho chotambasula, tsikani mudikire ulendo wachiwiri. Khalani pansi mpaka bwato litagunda tsidya. Njinga ndi matumba ziwoloke pazokha. Mayi amasule mwana kumsana amunyamule m'manja, ndipo m'bwato mukhale chigubu chimodzi kapena ziwiri zopanda kanthu, zotseka bwino, zosamangirira ku bwatolo. Mafumu ndi makomiti a chitukuko cha m'mudzi agwirizane ndi eni mabwato za chiwerengero cha anthu okwera pa ulendo umodzi, achilembe pa dooko, ndipo pa tsiku la maliro kapena la msika paikidwe munthu wowerengera okwera.